Mtengo Umodzi: Makala a Masiku Ochepa Kapena Desiki ya Zaka 400

M'nyumba zosungiramo zinthu zakale ku Shanghai, ku Beijing ndi ku London muli matebulo olembera amene anapangidwa ku China m'nthawi ya mafumu a Ming, omwe analamulira dzikolo kuyambira 1368 mpaka 1644. Ambiri mwa matebulowa adutsa zaka 400, koma miyendo yake sigwedera, pamwamba pake sipanang'aluke, ndipo mutawatembenuza kuti muone kunsi simupeza msomali wogwira mwendo. Kwathu kuno, m'mbali mwa msewu pa Nathenje kapena pamsika wa Mitundu, munthu amagula tebulo lowala ndi vanishi, koma dzinja likadutsa kawiri katatu matabwa ayamba kusiyana, dirowa yakana kutseguka, mwendo ukufuna chigamba. Ambiri amati anzathu akunja amapambana chifukwa cha makina ndi mitengo yachilendo. Komatu amisiri a Ming analibe magetsi, ndipo zida zawo zinali sowo, puleni, tchizulo ndi nyundo, zomwezi zili pa benchi ya kalipentala wa pa Mitundu. Chimene chinasunga matebulo awo ndi thabwa louma bwino, malumikizidwe olola thabwa kupuma, ndi ogula odziwa kudikira. Zitatuzi ifenso tingazithe, ndipo momwe nkhalango ya Dzalanyama ikutheramu tiyenera kuziphunzira msanga.

Tiyambe ndi mtengo. Mu 1567 boma la China linafewetsa lamulo limene linkaletsa malonda a panyanja, ndipo mitengo yolimba ya m'mayiko otentha inayamba kufika yambiri m'mizinda ya amisiri monga Suzhou. Mitengo iwiri inatchuka koposa. Wina ndi huanghuali wa pachilumba cha Hainan, wofiirira ngati uchi ndiponso wonunkhira. Wina ndi zitan, wakuda mofiira, wolemera mwakuti umamira m'madzi, umene kwawo ndi kummwera kwa India. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mitengo imeneyi ili ndi abale ake m'tchire lathu. Akatswiri a zomera amaika zitan m'banja la Pterocarpus, momwe mulinso mlombwa wathu uja wotuluka utomoni wofiira ngati magazi ukatemedwa. Huanghuali ali m'banja la Dalbergia, limodzi ndi phingo amene osema ziboliboli amamufuna. Mlombwa uli ndi khalidwe limene mmisiri aliyense amalilakalaka: ukauma sufota kwambiri, supindika wamba, ndipo chiswe sichiukonda. Choncho pa nkhani ya mtengo Mulungu sanatimane. Kusiyana kumayambira pa zimene manja amachita mtengowo ukagwa.

Thabwa ndi chinthu chopuma ngakhale mtengo utadulidwa kalekale. M'dzinja limamwa chinyezi n'kufufuma, m'chilimwe limauma n'kufota, ndipo kusinthaku kumachitika m'mbali, pamene m'litali mwake limangokhala momwemo. Mmisiri akalipanikiza ndi misomali mbali zonse, thabwalo limasowa kolowera, ndiye limang'aluka kapena kuzula msomali. Amisiri a ku China anachidziwa chimenechi ndipo anasiya kulimbana nacho. Pamwamba pa tebulo lawo pali felemu ya matabwa anayi ochindikala. Pangodya iliyonse thabwa lina amalisema lilime, linzake amaliboola bowo lokwana lilimelo ndendende, ndipo nsonga zake amazidula mopendeka kuti zikakumana mzere uoneke umodzi wokha. M'kati mwa felemuyo amakumba kamsewu kozungulira mbali zonse, ndipo thabwa lalikulu lapakati, limene amalipala kuti lipyapyale, amalilowetsa m'kamsewuko osalimata. Likafufuma lili ndi malo, likafota lilime lake silituluka. Kunsi kwake amapingasa timitanda tosemedwa ngati mchira wa nkhunda, totakata kunsonga, timene timalowa m'ngalande zake n'kugwira thabwalo kuti lisapindike koma osaliletsa kuyenda. Mpata wonse umene tikunenawu ndi waung'ono mwakuti chikhadabo n'chimene chingalowemo, koma moyo wa tebulolo uli pamenepo.

Miyendo nayo sankaikhomera pambali. Ankaisema kumtunda kuti igwire felemu ndi matabwa a m'mbali nthawi imodzi, moti katundu akalemera pamwamba m'pamene mfundoyo imathina. Guluu ankagwiritsa ntchito wochepa, wophika kuchokera ku nsomba, amene amasungunuka ndi madzi otentha. Chifukwa cha ichi tebulo likakalamba mmisiri wina ankatha kuliphwasula, kusintha chiwalo chimodzi chowonongeka, n'kulibwezera monga linalili. Pomaliza ankalikwecha ndi udzu wokhakhala n'kulipaka phula la njuchi, kuti maanga a mtengowo aoneke okha. Luso limeneli linali ndi mwambo wake: akalipentala a ku China amalemekeza Lu Ban monga kholo la ntchito yawo, ndipo buku la malangizo lotchedwa ndi dzina lake linkazungulira pakati pawo m'nthawi ya Ming. Ogula anali anthu ophunzira amene ankalemba ndi burashi ndi inki, ndipo ankafuna tebulo lotakata loti pepala lalitali liyalidwe bwino. Matebulo ambiri otere analibe ngakhale dirowa. Kukongola kwake kunali m'miyeso yoyenerana ndi m'kukumana bwino kwa matabwa, ndipo wogula ankadziwa kuyang'ana zimenezo asanatulutse ndalama.

Wina angaganize kuti zonsezi zinatheka chifukwa cha mitengo yodula ija, koma mayiko oyandikana ndi China akutsutsa ganizo limeneli. Ku Korea, m'nthawi ya mafumu a Joseon amene anayamba kulamulira mu 1392, munthu wophunzira ankakhala pansi n'kulembera pa kadesiki kofika m'mawondo kotchedwa seoan, ndipo kawirikawiri kankapangidwa ndi paini kapena mtengo wopepuka wa paulownia. Mtengo wofewawu ankauwaula ndi chitsulo chamoto n'kuukwecha ndi mapesi a mpunga mpaka maanga ake atatumphuka. Ku Japan amisiri a sashimono ankalumikiza matabwa opyapyala ndi mfundo zobisika, ndipo ena ankapaka timatebulo tolembera utomoni wa mtengo wa urushi kambirimbiri, n'kuwaza fumbi la golide utomoniwo usanaume. Kumpoto kwa China komweko anthu wamba ankapanga mipando ndi matebulo a mtengo wa elm, ndipo zambiri zilipo mpaka lero. Ku India, padoko la Vizagapatam, amisiri a m'zaka za m'ma 1700 ankapangira azungu madesiki okongoletsedwa ndi minyanga ya njovu yolembedwa maluwa. Pamenepa tikumbukire kuti Amaravi ankagulitsa minyanga imene inkadutsa ku Tete ndi pachilumba cha Mozambique kupita ku India. Kuyambira kalelo ife timatumiza chinthu chosasema, ena n'kuikapo manja ndi kudya phindu lake.

Tsopano tibwere kwathu. Nkhalango ya Dzalanyama inakhazikitsidwa ngati malo otetezedwa mu 1922, ndipo ndi yaikulu mahekitala pafupifupi 99,000, kuyambira m'boma la Dedza, kudutsa Lilongwe mpaka Mchinji, m'malire ndi Mozambique. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'mapiri amenewa n'kudzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, kumene mzinda wa Lilongwe umamwa. Diamphwe nayenso gwero lake ndi komweko. Kwa Achewa malowa ndi opatulika, pakuti ndiko kuli Kaphirintiwa, kumene makolo amati anthu oyamba ndi nyama anatsikira n'kusiya mapazi pathanthwe, ndipo nthano yomweyo imati mtendere unatha tsiku limene munthu anapeka moto n'kutentha tchire. Lero moto umene ukudya nkhalangoyi ndi wa mauvuni a makala. Aliyense woyenda m'mawa pamsewu wochokera ku Mitundu kudzera ku Bunda amakumana ndi njinga zosenza matumba osanjikizana kulunjika mumzinda. Zinthu zinafika poipa mwakuti mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyi, mothandizidwa ndi Lilongwe Water Board, ndipo mu 2020 lamulo la za nkhalango la 1997 linakonzedwanso kuti zilango zikhwime. Komabe nkhwangwa sinaleke kulira, chifukwa mbaula za mumzinda zikufunabe makala tsiku ndi tsiku.

Uvuni wa dothi sufunsa dzina la mtengo. Mlombwa umene watenga zaka makumi ambiri kuti ukule umalowa pamodzi ndi tsamba ndi mombo, ndipo makala amene amatuluka kawirikawiri sakwana gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa nkhuni zimene zinalowa. Mtengo umene wapulumuka ku uvuni n'kugwera m'manja mwa ocheka matabwa nawo suyenda ulendo wabwino. Amaucheka padzenje kapena ndi makina uli wauwisi, matabwa amafika pamsika akadali ozizira m'manja, ndipo kalipentala amawagula Lolemba kuti Loweruka tebulo likhale litaima panja kudikira wogula. Puleni ikamadutsa pa thabwa lotere, zopalidwa zimatuluka zonyowa ndi zomatirira, osati zouma zopotana. Mmisiri amadziwa bwino lomwe kuti thabwalo lisintha, koma alibe ndalama zogulira matabwa oti akhale miyezi pamthunzi, alibe shedi yowasungira, ndipo wogula akufuna chotchipa. Ndiye amakhoma misomali, mipata n'kuitseka ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, pamwamba n'kupaka vanishi wokhuthala. Vuto si ulesi kapena umbuli wa mmisiri. Msika wathu umalipira changu ndi kuwala, ndipo chimene msika ukulipira n'chimene manja amazolowera.

Mfundo yanga ndi yakuti ntchito yolimba ya ukalipentala ndi njira imodzi yotetezera nkhalango, ndipo masamu ake ndi apafupi. Ngati banja likugula tebulo limene limatha pa zaka 5, pa zaka 50 lidzakhala litagula matebulo 10. Likagula limodzi lokhala zaka 50, mitengo ya matebulo 9 yatsala chiimire. Ndalama zimene zikanapita kogula matabwa atsopano zimapita kwa mmisiri monga malipiro a luso lake, ndipo luso silitha m'nkhalango ngati mtengo. Onani za m'sukulu zathu. Ana ambiri a pulayimale m'midzi ya kuno amalembera pamiyendo atakhala pansi, pamene kuseri kwa makalasi ena kuli mulu wa madesiki othyoka, matabwa atazuka pamisomali ndi mabawuti. Madesiki amenewo anadya mitengo ndi ndalama, koma sanafikitse ngakhale mwana mmodzi kuchoka Sitandade 1 kufika Sitandade 8. Desiki yopangidwa ndi thabwa louma, yolumikizidwa ndi lilime ndi bowo, yoti chiwalo chimodzi chikathyoka chisinthidwe pachokha, ingatumikire mwana, mng'ono wake ndi mwana wake yemwe. Phunziro la ku Asia ndi limenelo: mtengo wochepa, ntchito yambiri, zaka zochuluka.

Pali zotsutsa zomveka, ndipo choyamba ndi umphawi. Wootcha makala adzati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ana akufuna ufa lero, ndipo desiki ya zaka 400 siphika ndiwo. Wogula naye adzati thumba lake silifika pa tebulo lodula. Zimenezi n'zoona, ndipo palibe amene anganene kuti ukalipentala ulowa m'malo mwa makala pamene nyumba zambiri mumzinda zilibe njira ina yophikira. Nkhani ya makala idzatha ndi magetsi odalirika, gasi wotsika mtengo ndi mitengo yobzala yootchera makala mwa chilolezo. Koma umphawi ndi chifukwa chachikulu chofunira katundu wolimba, pakuti wosauka ndi amene sangathe kugula chinthu chimodzi katatu. Ndiponso mbali yaikulu ya luso limeneli siifuna ndalama zambiri. Kuumitsa matabwa kumafuna denga la udzu, timitengo tolekanitsa thabwa ndi linzake kuti mphepo izidutsa, mwala wolemera pamwamba, ndi miyezi ingapo. Chimene mmisiri mmodzi sangathe, amisiri khumi atagwirizana angathe: kugula matabwa pamodzi m'chilimwe, kuwasunga m'shedi imodzi, n'kumatapa ouma okhaokha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa thabwa mawuwa alibe chotsutsa.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kwambiri. Kodi kutamanda mipando ya mitengo yolimba sikudzamaliza nkhalango imene tikufuna kuiteteza? Mbiri ikuchenjeza. Huanghuali wa ku Hainan anatsala pang'ono kutha, ndipo chuma cha China chitakwera, anthu olemera atayamba kufuna mipando yofanana ndi ya Ming, amalonda anatembenukira ku Africa. Ku Zambia mtengo wa mukula, mbale wake wa mlombwa, unadulidwa mwaunyinji n'kutumizidwa uli zipika chifukwa umafanana ndi zitan. Kwathu kuno mu 2016 anthu 35 anagwidwa m'nkhalango ya Lengwe akudula tsanya ali ndi mathirakitala. Mu 2019 mgwirizano wa mayiko wa CITES unaika mukula ndi mkungudza wa ku Mulanje pa mndandanda wa mitengo imene malonda ake ayenera kulamulidwa, ndipo mu 2022 unawonjezapo mitundu ya mu Africa ya banja la mlombwa, mbawa ndi msambamfumu. Koma tiyang'anitsitse chimene chinawononga. Ndi malonda a zipika, momwe mudzi umalandira ndalama ya nkhwangwa yokha, mtengo n'kukasemedwa ku mafakitale akutali. Mmisiri wa pa Nathenje amene amatha milungu pa desiki imodzi sangadye mitengo imene lole imodzi ya zipika imanyamula usiku umodzi. Tikatengera ku Asia luso n'kukana dyera, nkhalango ipindula.

Chachitatu, wodziwa mitengo adzati Dzalanyama ndi nkhalango ya miombo, ndipo mitengo yambiri mmenemo, monga tsamba ndi mchenga, siyenera mipando chifukwa imafumbwa msanga ndiponso imavuta kupala. Adzawonjeza kuti malowa ndi otetezedwa, ndipo kudulamo mlombwa popanda chilolezo ndi mlandu. Ndikuvomereza zonse ziwiri, ndipo sindikuitana aliyense kuti alowe m'nkhalango ndi sowo. Mitengo ya miombo ntchito yake yaikulu ili pomwe yaimapo: kugwira nthaka, kusunga madzi a Lilongwe ndi Diamphwe, kupatsa anthu bowa, masuku, uchi ndi mankhwala. Matabwa a kalipentala achokere kwina. Ku Katete, m'dera la Dzalanyama lomweli, kuli munda wa boma wa paini ndi bulugama, ndipo m'midzi yambiri muli malaina ndi bulugama wobzala m'malire a minda. Amisiri a ku Korea aonetsa kuti paini wouma bwino ndi wolumikizidwa mwaluso amakhala zaka mazana. Mbawa imamera bwino ikabzalidwa m'mbali mwa mitsinje ndi m'madimba, ndipo amene waibzala lero wasiyira adzukulu ake chuma choposa ng'ombe. Mlombwa wochepa umene ungapezeke mwalamulo usungidwire ntchito yoyenera ulemu wake, osati mabenchi a pa malo omwera tiyi.

Ena adzati zimenezi ndi zachilendo, makolo athu analibe madesiki. N'zoona kuti desiki inabwera ndi sukulu za mishoni, koma kudziwa mtengo sikunabwere ndi mzungu. Wosema mtondo amadziwa mtengo umene sung'aluka ndi munsi, wosema ng'oma amadziwa umene umalira, ndipo wosema mpini amasankha nthambi imene mfundo yake idzagwira khasu zaka zambiri popanda msomali. Lilime lolowa m'bowo si nzeru yachilendo kwa munthu amene anakula akuona khasu likulowa mumpini. Ku Mua, malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 asonyeza kuti osema a kuno akapatsidwa nthawi ndi msika amatulutsa ntchito imene imafunidwa kunja. Chimene chikusoweka ndi kulemba ndi kuphunzitsa. Ngakhale ku China luso la Ming linatsala pang'ono kuiwalika, mpaka katswiri Wang Shixiang anayendayenda mu Beijing kutola mipando yakale, kufunsa amisiri okalamba mayina a mfundo iliyonse, n'kutulutsa buku lake la mipando ya Ming mu 1985. Mipando imene anasonkhanitsa ili ku Shanghai Museum lero. Amisiri athu okalamba, amene anaphunzira ntchito nthawi imene kabati ya mbawa inkapangidwa kuti idzakhale cholowa, akupita mmodzimmodzi ndi nzeru zawo.

Zoyenera kuchita zikuoneka. TEVETA ndi sukulu zaumisiri monga ya Namitete ndi ya Lilongwe zilimbikire kuphunzitsa kaumitsidwe ka matabwa ndi mfundo zopanda misomali, ndipo zifikire achinyamata amene akuphunzira ntchito pansi pa mitengo m'misika, pakuti ambiri ali kumeneko. Sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ku Bunda, imene ili pakhomo penipeni pa Mitundu ndipo imaphunzitsa za nkhalango, ingathandize magulu a amisiri kumanga mashedi oumitsira ndi kuyeza chinyezi cha matabwa. Makhonsolo, mipingo ndi mabungwe amene amagulira sukulu madesiki aleke kusankha wotchipa yekha, afune thabwa louma, gwero lodziwika la matabwawo, ndi lonjezo la mmisiri loti adzakonza chikawonongeka. Mafumu nawo apereke malo obzalapo mbawa ndi mlombwa, n'kuwateteza ku moto wolusa ndi mbuzi.

Koma mphamvu yaikulu ili ndi inu ogula. Mukapita kukagula tebulo kapena desiki ya mwana, musayambe ndi kuwala kwa vanishi. Litembenuzeni muone kunsi, ligwedezeni, tulutsani dirowa muone ngati ngodya zake zalumana kapena zangokhomedwa. Funsani mtengo wake, kumene unachokera ndi miyezi imene thabwalo lakhala likuuma. Mmisiri akakuuzani kuti mudikire mwezi wina kuti matabwa aume, musathamangire kwa mnzake, pakuti ameneyo ndiye akukufunirani zabwino. Mulipireni mtengo woyenera thukuta lake, ndipo chimene mwagulacho mukachisamale kuti ana anu adzachipeze.